Mtengo Ulibe Pampu, Nanga Madzi Amafika Bwanji Kunsonga?

Pampu yokoka madzi, ngakhale ipangidwe mwaluso chotani, siingakweze madzi kupitirira mamita 10 ndi pang'ono. Amisiri a mapampu ku Italy ankaidziwa kale mfundo imeneyi m'zaka za m'ma 1600, koma chifukwa chake chinamveka bwino Evangelista Torricelli atachita kafukufuku wake mu 1643. Pampu yotereyi imangochotsa mpweya m'paipi, ndiye mpweya wakunja, umene umapsinja chilichonse padziko pano, n'kumakankhira madziwo m'mwamba. Mphamvu ya mpweyawo imathera pa mamita 10.3, ndipo madzi akafika pamenepo amaima, ngakhale mupope bwanji.

Tsono ku California, m'dziko la America, kuli mtengo wa mtundu wa redwood umene anaupatsa dzina loti Hyperion. Anautulukira mu 2006 ndipo ndi wautali pafupifupi mamita 116. Ku Tasmania nako, chilumba cha ku Australia, kuli bulugamu wotalika pafupifupi mamita 100. Masamba a kunsonga kwa mitengo imeneyi amalandira madzi ochokera m'nthaka tsiku ndi tsiku, pamsinkhu wowirikiza ka 10 pamene pampu ija imathera. M'thunthumo mulibe chiwalo chogunda, mulibe mnofu wofinya kanthu. Ndipo timapaipi timene madziwo amadutsamo ndi takufa.

Chomera chili ndi njira ziwiri zonyamulira zinthu. Yoyamba imatchedwa xylem, ndipo imatenga madzi ndi michere ya m'nthaka kuchoka kumizu kupita kumasamba. Mumtengo, xylem ndiye thabwalo. Maselo ake, tizipinda ting'onoting'ono timene timapanga thupi la chamoyo, amakula, amalimbitsa makoma awo ndi chinthu cholimba chotchedwa lignin, kenako amafa, zam'kati n'kusungunuka, n'kusiya mphako. Yachiwiri imatchedwa phloem. Ndi kachigawo kopyapyala ka m'kati mwa khungwa, ndipo ndi kamoyo. Imanyamula shuga wopangidwa m'masamba kupita kulikonse kumene akufunika. Kusukulu ambiri amaloweza kuti ina imakwera, ina imatsika, koma kusiyana kofunika kuli pa mmene madziwo amayendetsedwera: mu xylem amakokedwa, mu phloem amakankhidwa.

Tiyambire pansi. Muzu waukulu, wokhuthala uja, ntchito yake yaikulu ndi kugwira nthaka ndi kudutsitsa madzi. Kumwa kwenikweni kumachitika chakunsonga kwa timizu tanthete, kumene kuli tiubweya ting'onoting'ono. Kaubweya kalikonse ndi selo limodzi lotalika, limene limalowa pakati pa timibulu ta dothi n'kukhudza madzi omatirira pamenepo. Tiubweyati sitikhalitsa. Timafa pakapita masiku kapena milungu yochepa, tina n'kumamera kutsogolo muzu ukamakula. N'chifukwa chake mbande yozulidwa mosasamala imafota ngakhale muithirire bwino: mizu ikuoneka kuti ilipo, koma tiubweya tija tatsala m'dothi. Zomera zambiri zimagwirizananso ndi mafangayi a m'nthaka, amene ulusi wawo umafika kumene muzu sungafike. Iwo amabweretsa fosifolasi ndi michere ina, chomera n'kuwalipira shuga.

Madzi amalowa m'selo chifukwa cha khalidwe lawo limodzi. Akakhala mbali ziwiri za kachikopa kopyapyala kolola madzi okha kudutsa, amapita kumbali imene kwasungunuka zinthu zambiri. Asayansi amati osmosis. M'kati mwa selo la muzu muli shuga ndi michere yambiri kuposa m'madzi a m'dothi, choncho madzi amalowa. Zinthu zikatembenuka, madzi nawo amatembenuka. Feteleza wochuluka akathiridwa pafupi kwambiri ndi tsinde, madzi a m'dothi amakhala amchere kuposa a m'muzu, ndipo chomera chimapsa chili m'nthaka yonyowa. Nthaka yamchere imapha mbewu mwanjira yomweyo.

Michere yokha siilowa mwaulere. Nayitirojeni, potaziyamu ndi fosifolasi zimakhala zochepa kwambiri m'madzi a m'dothi poyerekeza ndi m'muzu, ndiye muzu umayenera kuzilowetsa mokakamiza, pogwiritsa ntchito timapuloteni ta pachikopa cha selo. Ntchito imeneyi imadya mphamvu, mphamvuyo imachokera ku shuga, ndipo kuti shuga apereke mphamvu yokwanira pamafunika okosijeni. Muzu umapuma ndithu. Madzi akadzaza m'munda n'kuima masiku angapo, mpweya wa m'dothi umatha, mizu imabanika, ndipo chomera chimafota chitaimirira m'madzi.

Madzi akalowa m'muzu angayende m'njira ziwiri: kudutsa m'kati mwa maselo, kapena kuzembera m'makoma a maselowo, amene amamwa madzi mosavuta. Njira yozemberayi ndi yachangu koma ilibe mlonda. Chakumkati kwa muzu, madzi asanafike ku xylem, pali mzere umodzi wa maselo ozungulira, ndipo m'makoma mwawo muli lamba wosalowa madzi, amene Robert Caspary wa ku Germany anafotokoza m'zaka za m'ma 1860. Pamenepa kuzemba kumatha. Dontho lililonse liyenera kulowa m'selo lamoyo, limene limasankha cholowa ndi chotsala. Lamba yemweyo amatchinganso michere imene yalowa kale kuti isabwerere kudothi. Kusankhaku si kwangwiro, chifukwa zitsulo zapoizoni monga cadmium zimatha kudutsa pazipata za michere yofanana nazo, koma popanda iko chomera chikanangomwa chilichonse chimene chili m'nthaka.

Madzi afika mu xylem. Akwera bwanji?

Yankho limene limabwera msanga ndi lakuti madzi amakwera okha m'kapaipi kopapatiza. N'zoona amakwera, koma masamu ake ndi okhumudwitsa. M'kapaipi kotakata gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, kukula kumene n'kofala m'mitengo yambiri, madzi amakwera masentimita 30 okha. Yankho lina ndi lakuti mizu imakankha, ndipo nalonso lili ndi choona chake. Stephen Hales, m'busa wa tchalitchi ku England amene ankakonda kuyeza zinthu, analemba mu 1727 za mmene anadulira mpesa n'kumangirira paipi pachitsa, madzi n'kukwera m'paipimo mamita angapo. Usiku, masamba atatseka, mizu imapitirizabe kuthira michere mu xylem, madzi n'kutsatira, mphamvu yokankha n'kukwera. Timadontho timene mumaona m'mawa titandandalikana m'mphepete mwa tsamba, kapena kamodzi kali kunsonga kwenikweni kwa udzu, kawirikawiri si mame koma madzi okankhidwa kuchokera kumizu. Vuto ndi lakuti mphamvu imeneyi ndi yochepa, imazimiririka masana pamene madzi akuyenda kwambiri, ndipo mitengo ya m'banja la paini, mmene muli italiitali kwambiri, simaionetsa kwenikweni.

Panalinso ena amene ankati maselo amoyo a m'thunthu amapopa madzi pang'onopang'ono, uyu kupatsira uyu. Katswiri wa zomera Eduard Strasburger anathetsa maganizo amenewa mwankhanza ndithu. Pa kafukufuku amene anafalitsa mu 1891, anadula mitengo yaitali kuposa mamita 10, ina yoposa 20, n'kuimika podulidwapo m'migolo ya poizoni. Poizoniyo anakwera, akupha selo lililonse lamoyo limene wadutsapo, koma sanaime mpaka anafika kumasamba. Kukwerako kunadzaleka masamba atafa. Mizu panalibe, maselo amoyo a m'thunthu anali atatha. Chokoka chinali kumasamba.

Patsamba, makamaka kunsi kwake, pali timabowo tosaoneka ndi maso, nthawi zina mazana angapo pamalo a milimita imodzi mulitali ndi mulifupi. Chomera chimatitsegula kuti mpweya wa kaboni dayokisaidi ulowe, popeza ndi umene chimapangira shuga mothandizidwa ndi kuwala. Koma m'kati mwa tsamba ndi monyowa, ndipo khomo lolowera mpweya ndi lomwelo lotulukira nthunzi. Madzi amauma pamakoma a maselo a m'katimo. Makomawa ndi olukidwa ndi ulusi wa cellulose, ndipo timipata ta pakati pa ulusiwo ndi tating'ono kuwirikiza masauzande poyerekeza ndi kapaipi ka xylem. Madzi a pamwamba akauma, otsalawo amabwerera pang'ono m'timipatamo, koma amakakamira ulusiwo zolimba, osalola mpweya kulowa. Kukakamira kumeneko n'kumene kumakoka madzi a kumbuyo kwawo. Mfundo ya kapaipi kopapatiza ija inali yoona, kungoti anthu ankaifunafuna m'thunthu pamene imagwira ntchito m'makoma a maselo a tsamba. Mipata yake mmenemo ndi yochepa moti ingagwire madzi olenjekeka mamita mazanamazana.

Chotsala ndi chakuti madziwo asaduke panjira. Mamolekyu a madzi, tizidutswa tawo tochepetsetsa, amagwirana: mbali ya haidirojeni ya molekyu imodzi imakokana ndi mbali ya okosijeni ya inzake. M'kapu kugwiranaku sikuoneka ngati kanthu. Koma m'kapaipi kopapatiza, kopanda kathovu ka mpweya ngakhale kamodzi, madzi amapirira kukokedwa ngati chingwe. Chingwe chimenechi chimayambira pakhoma la selo la tsamba, n'kutsika m'mitsempha ya tsambalo, m'nthambi, m'thunthu, mpaka kukaubweya ka muzu ndi madzi a m'dothi. Molekyu imodzi ikachoka kumwamba, chingwe chonse chimasuntha pang'ono. Amene anafotokoza zimenezi mu 1894 ndi Henry Dixon ndi John Joly a ku Trinity College ku Dublin, wina katswiri wa zomera, wina wa fizikisi. Malire a mamita 10 aja alibe ntchito pano, popeza palibe mpweya wakunja umene ukukankha.

Tiikepo manambala. Muyeso wa baa imodzi ndi wofanana pafupifupi ndi mphamvu imene mpweya umatipsinja nayo. Kuti madzi angolenjekeka osayenda, pamafunika baa imodzi pa mamita 10 alionse, ndiye mtengo wa mamita 100 ukufuna mabaa 10. Kuwakoka kuti adutse m'timapaipi topapatiza kumawonjezera ena, moti kunsonga kwa redwood madzi amakhala okokedwa ndi mphamvu yoyandikira mabaa 20. Zitsamba zina za m'chipululu zimafika mabaa 60 ndi kuposa, chifukwa zimalimbirana madzi ndi dothi louma gwa. Mphamvu yonseyi chomera sichiilipira. Mpweya umene chinyezi chake chili pa 50 peresenti umakoka madzi ndi mphamvu yoposa mabaa 900, ndipo kutentha kosandutsa madzi nthunzi kumachokera kudzuwa. Chomera chimangoika timapaipi pakati pa dothi lonyowa ndi mpweya wouma. Lignin uja ntchito yake ina ili pomwepa, chifukwa kapaipi kofewa kakanaphwafuka ndi kukokako.

Anthu ambiri, asayansi omwe, anatenga nthawi kuti akhulupirire, ndipo sindiwaimba mlandu. Madzi okokedwa choncho amayenera kuwira n'kusanduka nthunzi. Chimene chimawaletsa ndi kusowa poyambira, chifukwa thovu limafuna kampata kapena kachitsotso koti liyambirepo. Umboni unabwera pang'onopang'ono. Thunthu la mtengo likayezedwa ndi chida chomva bwino, limapezeka kuti limachepa pang'ono masana n'kubwerera usiku. Mu 1965 Per Scholander ndi anzake anafalitsa njira yoyezera imene ikugwiritsidwabe ntchito lero. Amadula tsamba, madzi a mu xylem n'kuthawira mkati. Kenako amalitsekera m'chitsulo, phesi lokha lili kunja, n'kumapopera mpweya mpaka madzi atulukirenso podulidwapo. Mphamvu imene yafunika kuti abwerere ndi imene ankakokedwa nayo. Alimi ena a mphesa ndi mitengo ya zipatso amayeza choncho kuti adziwe tsiku lothirira.

Dongosolo limeneli limadya madzi mochititsa mantha. Pa madzi onse amene chomera chimamwa, oposa 95 peresenti amangodutsa n'kutuluka ngati nthunzi. Kaboni dayokisaidi ndi wochepa mumpweya, pafupifupi 0.04 peresenti, pamene nthunzi yofuna kutuluka m'tsamba ndi yambiri, moti pa molekyu imodzi ya kaboni dayokisaidi imene yalowa, mamolekyu a madzi mazana angapo atuluka. Kawirikawiri timamva kuti chomera chimataya madzi n'cholinga choti chizizire ndiponso chikweze michere. Phindu limenelo lilipo, koma ine ndimaliona ngati lotsatira chabe. Chomera chikanapeza njira yolandirira mpweya osataya madzi ochuluka choncho, bwenzi chitaitenga, ndipo zochita zake zikusonyeza zomwezo.

Kabowo kalikonse kali pakati pa maselo awiri olondera. Kukacha, maselowa amakokera potaziyamu mkati, madzi n'kutsatira, iwo n'kufufuma ndi kupindika, kabowo n'kutseguka. Madzi akayamba kusowa, chomera chimapanga mankhwala otchedwa abscisic acid, potaziyamu amatuluka, maselo amaphwa, kabowo n'kutsekeka pamphindi zochepa. Zomera zambiri zimatsekako pang'ono dzuwa likafika paliwombo, ngakhale kuti kuwala kuli kochuluka nthawi imeneyo. Zina, monga chinanazi ndi cactus, zinasinthiratu nthawi. Zimatsegula usiku kukazizira, n'kusunga kaboni dayokisaidi atasandutsidwa asidi, n'kudzamugwiritsa ntchito masana timabowo titatseka. Zimapulumutsa madzi ambiri, koma zambiri mwa izo zimakula pang'onopang'ono.

Chimene chomera chikupewa potseka choncho ndi kuduka kwa madzi aja. Dothi likauma, kukoka n'kupitirira malire, mpweya umayamwidwira m'kapaipi kudzera pakampata kena, kathovu kamafufuma kamodzin'kamodzi n'kudzaza kapaipi konse, basi kaleka ntchito. Kudukaku kumatulutsa kaphokoso, ndipo asayansi amakamva ndi zida zomata pathunthu. M'chilala timaphokosoti timachuluka. Kuzizira koundanitsa madzi kumachitanso chimodzimodzi. Mpweya wosungunuka m'madzi umatuluka madziwo akamaundana, ndipo akasungunuka timathovu timatsala, n'kufufuma kukoka kukangoyambiranso.

Mtengo umapulumuka chifukwa xylem ndi yogawikagawika. Muli tizigawo mamiliyoni, ndipo madzi amadutsa kuchoka m'kagawo kena kupita m'kanzake kudzera m'timaenje ta pakhoma, totsekedwa ndi kachikopa kolola madzi koma kokaniza mpweya. M'mitengo ya paini ndi achibale ake, kachikopako kali ndi kachivindikiro pakati. Mbali imodzi ikadzaza mpweya, kachivindikiroko kamakokeredwa pabowo n'kulitseka, madzi n'kulambalala gawo lowonongekalo. Mtengo umapanganso timapaipi tatsopano chaka ndi chaka kunsi kwa khungwa, moti mumtengo wakale madzi amayenda m'mizere yakunja yokha. Pakati pake sipadutsanso kanthu, ndipo n'chifukwa chake mtengo wamphako ungakhalebe wobiriwira kwa zaka zambiri.

Apa pali kusankha kovuta. Paipi ikakula kawiri m'mimba mwake, madzi odutsamo amachuluka ka 16, osati kawiri kokha. Timapaipi totakata n'topindulitsa kwambiri, ndipo zomera zoyanga, zimene tsinde lake ndi lochepa koma masamba ali mbwee, zili ndi timapaipi totakata moti mungatione ndi maso mukadula tsinde. Koma kapaipi kotakata kakadzaza mpweya, chomera chataya zambiri nthawi imodzi, ndipo chisanu chimakawononga msanga. Mitengo ina ya oak ya kumayiko ozizira imangovomera zimenezo. Chisanu chilichonse imataya timapaipi take tikulutikulu, ndipo nyengo yofunda ikamayamba imapanga tatsopano masamba asanatambasuke, madzi n'kumathamanga mamita makumi angapo pa ola. Paini amayenda njira ina. Tizigawo take n'tating'ono, totalika mamilimita ochepa chabe, madzi amayenda mita imodzi kapena iwiri pa ola, koma timagwira ntchito zaka zambiri ndipo mtengowo umapirira chisanu masamba ali pomwepo.

Matenda ofotetsa zomera amalowera pomwepa. Fangayi wonyamulidwa ndi tizikumbu toboola makungwa anapha mitengo ya elm mamiliyoni ku Ulaya ndi ku North America m'zaka za m'ma 1900, ndipo elm ndi umodzi mwa mitengo yodalira mzere wakunja wa timapaipi totakata. Nthochi ya mtundu wa Gros Michel, imene inkagulitsidwa kwambiri pamsika wa mayiko, inagonja m'zaka za m'ma 1950 ndi fangayi wa Fusarium wolowera kumizu. Kum'mwera kwa Italy, bakiteriya wa Xylella fastidiosa, amene anapezeka kumeneko mu 2013, waumitsa mitengo ya maolivi mamiliyoni. Chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi zambiri chomera chimathandizira imfa yake chomwe: pofuna kutchinga mdani chimatseka timapaipi take, n'kudzimana madzi.

Kutalika kwa mtengo nako kuli ndi malire pa chifukwa chomwechi. Wasayansi George Koch ndi anzake anakwera mitengo ya redwood yaitali kwambiri n'kuyeza masamba a kunsonga. Anapeza timasamba tating'ono, tolimba, topanga shuga wochepa poyerekeza ndi a m'munsi, ngakhale kuti kuwala kuli kochuluka kumwambako. Mu 2004 anafalitsa mawerengedwe osonyeza kuti malirewo ali pakati pa mamita 122 ndi 130.

Shuga amayenda mwa mtundu wina. M'zaka za m'ma 1600 Marcello Malpighi wa ku Italy anasenda khungwa mozungulira tsinde, n'kuona kuti khungwa la pamwamba pa chilondacho likutupa pamene la pansi ayi. Chinachake chochokera kumasamba chinkatsika n'kusowa podutsa. Mtengo wosendedwa mozungulira thunthu sufota tsiku lomwelo, popeza xylem sinakhudzidwe. Umakhala miyezi, mwina chaka kapena kuposa, mizu ikudya chakudya chimene inasunga. Chikatha mizu imafa ndi njala, masamba n'kudzafa ndi ludzu pambuyo pake.

Timapaipi ta phloem anatitulukira ndi Theodor Hartig mu 1837. Ndi maselo olumikizana nsonga ndi nsonga, ndipo makoma a polumikizirapo ndi obowokabowoka. Maselowa ndi amoyo koma anataya nyukiliyasi, kachigawo kamene kamalamulira selo, kuti mukhale malo odutsa madzi, ndipo amasamalidwa ndi selo lina lokhala pambali pawo. Mmene madzi amayendera mmenemo anafotokoza ndi Ernst Münch mu 1930. Kutsamba, shuga amalowetsedwa mu phloem mpaka madzi ake kukhala ndi shuga wokwana 10 mpaka 25 peresenti, ndipo m'zomera zambiri kulowetsaku kumadya mphamvu. Osmosis ija imagwira ntchito: madzi ochokera mu xylem yapafupi amathamangira kumeneko, kapaipi kamafufuma, mphamvu yokankha n'kukwera. Kumuzu, kuchipatso kapena kumphukira, shuga amatsitsidwa, madzi amatuluka, mphamvu n'kutsika. Madzi a shugawo amayenda kuchoka kumene mphamvu ili yaikulu kupita kumene ili yochepa, pafupifupi theka la mita mpaka mita imodzi pa ola.

Choncho phloem ilibe mbali imodzi yolowera. Tsamba lanthete limalandira shuga, likakhwima limayamba kupereka. Mbatata imalandira nyengo yonse imene ikukula, koma ikayamba kuphuka shuga amatulukamo n'kukwera kumphukira. Zolandira zimalimbirana, ndipo chipatso chimene chikukula chimakoka kwambiri kuposa muzu. Mlimi wa zipatso akamathothola zina zikadali zazing'ono, akuchepetsa pakamwa pogawana shuga yemweyo. Alimi ena a mphesa amacheka dala kamzere kopyapyala ka khungwa mozungulira tsinde kuti shuga atsalire kumtunda, zipatso zikule, chilondacho n'kudzapola patapita milungu ingapo mizu isanavutike.

Kuyeza phloem n'kovuta kwambiri, chifukwa ikangobayidwa imadzitseka yokha mwachangu ndi mapuloteni ndiponso chinthu chotchedwa callose. Amene anathandiza asayansi ndi nsabwe za m'masamba. Kachilomboka kamalowetsa kamlomo kake kowonda pakati pa maselo mpaka kuboola kapaipi kamodzi osakadzidzimutsa, ndipo sikavutika n'kuyamwa, chifukwa mphamvu ya m'katimo imakathira madziwo m'kamwa. Owonjezera amatulukira kumbuyo, ndiwo madzi onanda aja amene nyerere zimatsata. Mu 1953 asayansi awiri, Kennedy ndi Mittler, anafotokoza njira yodula kamlomoko kadakali kobaya, madzi a phloem n'kumatuluka pamenepo kwa maola ambiri, oyera bwino, okonzeka kuyezedwa. Mavairasi ambiri a zomera amalowa ndi kufalikira njira yomweyi.

Phloem imanyamulanso mauthenga. M'zomera zambiri tsamba ndi limene limayeza kutalika kwa usiku, pamene maluwa amapangikira kunsonga kwa mphukira. Mikhail Chailakhyan wa ku Soviet Union ananena m'zaka za m'ma 1930 kuti payenera kukhala chinthu choyenda kuchokera kutsamba, koma panapita zaka pafupifupi 70 chisanagwidwe. Mu 2007 zinatsimikizika kuti ndi puloteni yotchedwa FT, yopangidwa m'tsamba n'kuyenda mu phloem.

Njira ziwirizi zikaonedwa pamodzi, masamba a chomera chodwala amayamba kuwerengeka. Michere imene yakwera mu xylem imatsikira kumene madzi akuuma kwambiri, ndiko kumasamba aakulu otambasuka. Ina imatha kulowanso mu phloem n'kusamuka, monga nayitirojeni, fosifolasi, potaziyamu ndi magineziyamu. Imeneyi ikasowa, chomera chimalanda masamba akale n'kupatsa anthete, ndiye zizindikiro zimayambira kumasamba am'munsi. Ayironi ndi kashiyamu sizisamuka mosavuta, zimakhala pamene zinatsikira poyamba, choncho zikasowa amene amavutika ndi masamba atsopano a kunsonga. Munthu akangoyang'ana kumene chikasu chayambira, zokayikitsa zachepa kale.

Kashiyamu amasokoneza anthu ambiri pa tomato. Chipatso chimataya nthunzi yochepa, ndipo chimadzazidwa makamaka ndi phloem, mmene kashiyamu mulibe kwenikweni. Wochepa amene chimalandira amabwera ndi madzi a xylem, koma masamba amakoka madziwo mwamphamvu kuposa chipatso. Kuthirira kukamadukizadukiza pamene zipatso zikukula msanga, kumunsi kwa tomato, kumene kuli kutali kwambiri ndi phesi, maselo amasowa kashiyamu n'kufa, ndipo pamada bii n'kulowa mkati. Ambiri amathamangira mankhwala opopera poganiza kuti ndi tizilombo, kapena amathira laimu m'dothi limene kashiyamu alimo kale wokwanira. Chothandiza kawirikawiri ndi kuthirira mosadukiza, kuphimbira dothi kuti lisaume msanga, ndi kusachulutsa nayitirojeni, amene amakulitsa masamba olimbirana madzi ndi chipatsocho.